Dzira longa nthanga ya bwemba

Ndinaliona koyamba m'khitchini ya loji ina ya m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay, komwe ndinkaperekera tomato ndi mazira Lachiwiri lililonse. Linali m'kambale pawindo pamodzi ndi anzake anayi. Ine ndinkayesa ziboliboli zija anyamata amasema n'kumagulitsa kwa alendo ku Cape Maclear, poti dzira la nkhuku lotero ndinali ndisanalionepo chibadwire: lofiirira mpaka kulowera kukuda, lonyezimira ngati nthanga ya bwemba yomwe mwana wangoilavula kumene. Wophika atandiona ndikulitembenuzatembenuza m'manja, anaseka.

"Achimwene, musaligwetse limenelo, ndi la abwana. Nkhuku zake zili kuseriko. Sizidya gaga ngati zanu."

Ndinapalasa njinga kubwerera kunyumba mathireyi akugogoda pakaliyala, mtima wonse uli pa dzira lija.

Papita zaka tsopano. Nkhukuzo ndili nazo, ndipo mwezi sutha osabwera munthu pakhomo, kapena kundilembera pa WhatsApp, kufunsa kuti, "Nanga ine ndiyambe ndi mtundu uti?" Ambiri amabwera atasankha kale, dzina ataliloweza pa foni, akungofuna ndiwavomereze. Ndiye ndimawayalira mkeka pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba ndi nkhani yomwe sindikonda kuikamba, ya mmene anandidyera masuku pamutu ndili maso.

Nditauzidwa kuti nkhuku za kuloji zija ndi za mtundu wa ku France wotchedwa Marans, ndinasakasaka pa Facebook mpaka ndinapeza mkulu wina yemwe ankati ali ndi anapiye ake enieni. Ananditumizira zithunzi za mazira okongola zedi. Ndinalipira pa foni, ndipo ndalama ya mwanapiye mmodzi ikanandigulira msoti wachikuda wokula kale. Anapiye 12 anafika pa minibasi m'katoni ya sopo, akuda kumsana, oyera kumimba, monga momwe ndinawaonera pa intaneti. Ndinawalera ngati ana. Usiku ndinkadzuka kukasonkhezera mbaula, masana ndinkathamangitsa mphamba. Anakula asanu ndi atatu, misoti isanu ndi atambala atatu. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, m'mawa wina mayi a kunyumba analowa dzanja lili kumbuyo.

"Bambo, chokoleti chanu chija chafika."

Atatambasula dzanja, munali kadzira ka mtundu wa tiyi wothira mkaka wambiri. Agogo ena oyandikana nawo nyumba, omwe aweta nkhuku ine ndisanabadwe, anabwera kudzasuzumira m'khola, n'kungoti, "Mwana wanga, izitu ndi Mikolongwe." Zinalidi Mikolongwe, nkhuku zabwino ndithu, koma ndinazigula pa mtengo wa dzina la eni. Nambala ya mkulu uja inali itasiya kale kupezeka.

Apa ndi pomwe oyamba kumene ambiri amagwera. Mwanapiye wa Black Australorp, yemwe kuno timamutcha Mikolongwe potengera malo a boma a ziweto a ku Chiradzulu komwe nkhukuzi zakhala zikuchokera, amafanana kwambiri ndi mwanapiye wa Marans wakuda. Onse ndi akuda kumsana, oyera kumimba. Kusiyana kumadzaoneka atakula, ndalama zitapita kale. Mikolongwe ndi yakuda thupi lonse, nthenga zake zimawala mobiriwira padzuwa, maso ndi akuda, miyendo ilibe nthenga. Marans ya mtundu wa Black Copper ili ndi nthenga zofiira ngati waya wa kopa m'khosi, maso ofiirira ngati lalanje, ndipo ya ku France yeniyeni imamera tinthenga kunja kwa miyendo mpaka ku chala chakunja. Komabe ngakhale zonsezi zitakwana, nthenga siziikira dzira. Thadzi likhoza kuoneka Marans kuyambira kumutu mpaka kuzala, dzira lake n'kutuluka lotuwa.

Kuti mumvetse chifukwa chake, tsiku lina mukamaswa dzira lofiirira muyang'ane mkati mwa chigoba. Mupeza ndi moyera. Mtundu uja uli kunja kokha, ngati laimu pakhoma. Dzira limatenga maola pafupifupi 25 kuti lipangike m'thupi mwa thadzi, ndipo maola ngati 20 mwa amenewa limakhala m'chiwalo chomwe chimaumba chigoba. Utoto wofiirira, womwe akatswiri amautcha protoporphyrin, umapakidwa makamaka kumapeto, dzira litatsala pang'ono kutuluka. N'chifukwa chake dzira la Marans longoikidwa kumene mukalipukuta ndi kansalu konyowa, kansaluko kamatenga mtundu, dziralo n'kutsala ndi mabala. Ine ndinaononga angapo potsuka ndisanadziwe. Masiku ano ndimangosamala kuti m'chisa mukhale udzu wouma, mazira asade n'komwe.

Utotowu thadzi lili nawo wowerengeka. Likamaikira tsiku ndi tsiku, umagawanika, ndipo dzira lililonse limalandira wochepa. Msoti ukangoyamba kuikira mazira ake amakhala oderapo kwambiri, kenako amanka nayera pang'onopang'ono, mpaka thadzilo litapuma, kuthothoka nthenga n'kumera zina, ndiye mtundu umabwereranso. Choncho nkhuku yoikira mazira akuda kwambiri nthawi zambiri ndi nkhuku yoikira mazira ochepa. Wina akakuuzani kuti zake zimaikira tsiku lililonse chaka chonse komanso mazira ake ndi a chokoleti, tsanzikani bwinobwino, ndalama zanu zili m'thumba. Ndipo palibe chakudya, palibe mankhwala a m'botolo, omwe angasandutse dzira la Mikolongwe kukhala la Marans. Za mtundu zili m'magazi. Chakudya chimasintha chachikasu cha mkati, mtundu wa chigoba ayi.

Mitundu yomwe imatchuka ndi mazira oderapo ndi yochepa, ndipo yonse ndi ya ku Ulaya.

Marans ndi dzina la tauni yadoko kumadzulo kwa France, pafupi ndi La Rochelle, dera la madambo ndi chinyezi. Ndiyo mfumu pa kuda kwa dzira. Alimi ake kumeneko ali ndi tchati cha mitundu ya dzira kuyambira pa 1, loyera, mpaka pa 9, lodera kwambiri, ndipo thadzi lomwe dzira lake silifika pa 4 salivomera kuti ndi Marans ngakhale litakongola chotani. Lamulo limeneli ndimalikonda chifukwa limaweruza nkhuku ndi dzira, pomwe ogulitsa athu amafuna tiiweruze ndi nthenga. Marans imaikira mazira pakati pa 150 ndi 200 pachaka ikasamalidwa bwino. Ndi nkhuku yolemera, thadzi limafika makilogalamu atatu, tambala mpaka anayi, ndipo nyama yake ndi yabwino. Kulemerako ndi komwe kumativuta kuno, ndifotokoza.

Welsummer inachokera m'mudzi wa Welsum ku Netherlands. Dzira lake ndi la mtundu wa njerwa yopsa bwino, kapena mtsuko wongochoka pamoto, ndipo nthawi zambiri limakhala ndi timadontho. Thupi lake ndi lopepukirapo, miyendo yachikasu yopanda nthenga, imadziwa kudzisakira chakudya. Ubwino wina ndi woti anapiye ake amasonyeza msanga kuti wamkazi ndi uti, poti mizere ya kumutu ndi ya m'maso mwa msoti imaoneka bwino kuposa ya tambala. Barnevelder nayonso ndi ya ku Netherlands, ya ku Barneveld. Kale inkatchuka ndi mazira oderapo, koma oweta anatengeka ndi kukongola kwa nthenga zake, n'kumasankha mbewu poyang'ana nthengazo, mwakuti zambiri za masiku ano zimaikira mazira ofiirira wamba. Ameneyu musavutike naye ngati mukufuna dzira.

Yomwe ikanayenerana ndi Mangochi ndi Penedesenca, ya ku Catalonia m'dziko la Spain, dera la dzuwa. Ndi yopepuka, yochangamuka, yaliwuma pang'ono, imapirira kutentha, ndipo dzira la msoti wake limapikisana ndi la Marans. Koma ndi nkhuku yosowa ngakhale kwawo komweko, inatsala pang'ono kutheratu asanaipulumutse m'zaka za m'ma 1980. Ine sindinaionepo ndi maso. Munthu akakuuzani kuti ali nayo kuseri kwa nyumba yake, pitani mukaone, mundiitane ndipite nawo.

Zoona zake n'zakuti m'dziko muno nkhuku zonsezi sizipezeka wamba. Zomwe mungapeze mosavuta ndi zachikuda, Mikolongwe, Kuroiler yochokera ku India, Sasso, ndi zofiira zija za mazira monga Hy-Line Brown. Zonsezi mazira ake ndi oyererako kapena ofiirira pang'ono. Ndiye funso loti "ndisankhe mtundu uti" limasanduka loti "ndani ali ndi thadzi loikiradi dzira lakuda, loti ndikalione ndekha?"

Za kuitanitsa kunja ndinene pang'ono, poti kuno ku Mangochi pafupifupi banja lililonse lili ndi mbale wake ku Joni, ndipo nzeru yoyamba yomwe imabwera ndi yoti atumize mazira pa basi. Nkhuku ndi mazira oswetsa sizilowa m'dziko popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za ziweto, ndipo lamulolo lili ndi chifukwa: ku South Africa kunabuka chimfine cha mbalame mu 2017, n'kudzabukanso mwamphamvu mu 2023. Simungafune kukhala munthu yemwe anabweretsa mliri m'mudzi chifukwa chofuna dzira lokongola. Kupatula apo, dzira loswetsa likapitirira sabata limayamba kufooka, ndipo likagwedezeka masiku awiri kapena atatu m'basi yotentha, zoti liswa n'zokayikitsa.

Ine zanga zenizeni ndinazipeza komwe ndinayambira. Ndinadzichepetsa kwa mwini loji uja, n'kumupempha kuti andigulitse mazira asanu ndi limodzi, ndipo ndinasankha ndekha m'chisa. Sindinawaike m'makina, chifukwa magetsi akathima usiku umodzi wokha ntchito yonse yapita. Ndinawapatsa thadzi langa lachikuda, kameta wa khosi losamera nthenga, lomwe linali litayamba kufungatira. Ndinachotsa ake usiku n'kuikapo alendowo. Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo kameta uja sanafunse kuti mazira akudawa achokera kuti. Pa tsiku la 21 anaswa anayi, misoti itatu ndi tambala mmodzi. Kwa woyamba kumene njira ndi imeneyi. Thadzi lachikuda silithima, limadziwa kutembenuza mazira, ndipo anapiye limawaphunzitsa kubisala mphamba akadutsa. Dziwaninso kuti mazira akudawa savomera kuunikidwa ndi tochi kuti muone ngati mwanapiye akukula. Chigoba chimatchinga kuwala, ndiye mumangodikira.

Tsopano za kutentha, zomwe mabuku a ku Ulaya sakuuzani chifukwa iwo nkhawa yawo ndi chisanu.

Nkhuku imamva bwino pakati pa madigiri 18 ndi 24. Kuno mu Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, timapitirira 35, mchenga n'kumaotcha mapazi ngakhale mwavala patapata. Nkhuku situluka thukuta. Imangoyasamula kukamwa, kuwefuka, mapiko atatayana. Ikamawefuka chotero imadya pang'ono, chigoba cha dzira chimapyapyala, mtundu umayera, kuikira kumachepa. Marans imavutika kuposa zinzake chifukwa ndi yonenepa, ya nthenga zothithikana, ndiponso yakuda. Chaka choyamba khola langa linali la malata, lalifupi. Tsiku lina chakumasana ndinapeza thadzi labwino kwambiri pa atatu aja lili gone m'chisa, dzira lili pambali pake, lakuda bwino. Silinadwale, kunali kutentha basi. Zachikuda zonse zinali zitathawira kalekale pansi pa nkhokwe, zikusamba fumbi.

Ndinasasula malata n'kufolera udzu, khoma ndinaika la waya ndi bango kuti mphepo ya kunyanja izidutsa. Madzi ndimaika m'mitsuko yadothi pamthunzi, ndipo masana ndimataya ofundawo n'kuthira ena. Chakudya ndimapereka m'mamawa ndi madzulo dzuwa litapendeka, chifukwa kugaya chakudya nakonso kumatenthetsa thupi. Masana enieni ndimathira madzi pansi pa mtengo kuti zizigona ponyowa. Ngakhale ndichite zonsezi, dzira la mu Okutobala silifanana ndi la mu Juni, nyengo ya mwera. Anzathu a ku Namwera, kumtunda kuja, ali ndi mwayi, kwawo kumazizirako. Ife a m'mphepete mwa Shire ndi nyanja ya Malombe tiyenera kuvomereza kuti nkhukuyi ndi mlendo.

Tinthenga ta m'miyendo tija natonso tili ndi mavuto ake. Nthawi ya dzinja timatola matope, matopewo n'kukapaka mazira m'chisa, ndipo tizilombo tomwe timatupitsa mamba a m'miyendo timabisala bwino mmenemo. Utitiri ndiye osanena, umakonda mchenga wathu wouma ndipo umaunjikana m'maso mwa nkhuku. Mafuta odzola a ana aja amathandiza mukawapaka pomwe waunjikana, komanso muzisesa m'khola n'kuwaza phulusa. Ng'azi imakonda mazira a mtundu uliwonse, ndipo sifunsa mtengo.

Chitopa sichisankha. Katemera wa I-2, wodonthezera m'diso uja, amapangidwa konkuno, ku labotale ya ziweto ku Lilongwe, ndipo amaperekedwa miyezi inayi iliyonse, dontho limodzi pa nkhuku, yaikulu ndi yaing'ono yomwe. Funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu. Munthu wogula nkhuku zodula n'kuumira ndalama ya katemera ine ndimamumvera chisoni. Nkhuku ikapulumuka matenda a m'chifuwa, dzira lake limatuluka loyera ndi lokhakhala, nthawi zina kwa milungu yambiri.

Pali chinthu chimodzi cha kuno kwathu chomwe chinandichititsa manyazi. Poona kuti chakudya cha m'sitolo chakwera, ndinayamba kusakaniza madeya ndi fumbi la usipa ndi bonya lomwe amayi amasesa pa thandala. Nzeruyo ndi yabwino, nsomba zimamanga thupi, koma ine ndinachulutsa. Wophika wa kuloji uja anandiitanira pambali.

"Achimwene, mlendo wabweza dzira. Akuti likununkha nyanja."

Nkhuku zina za mazira ofiirira zili ndi chibadwa choti thupi lawo limalephera kuchotsa fungo la nsomba, ndiye limakathera m'dzira. Thirani nsomba pang'ono chabe, zopanda mchere, zotsalazo mukwaniritse ndi soya wokazinga kapena mpendadzuwa. Za chigoba, zigoba za nkhono za kunyanja mukaziotcha n'kuzisinja zimakwanira, ndipo n'zaulere.

Ena amandipempha kuti ndiwabwereke tambala wanga sabata imodzi kuti nkhuku zawo ziyambe kuikira mazira akuda. Sizitheka. Mtundu wa dzira ndi wa thadzi lomwe laikira, tambala yemwe wakwera alibe nawo gawo. Mphamvu ya tambala imadzaonekera mwa ana ake aakazi, ndipo mukamukweretsa pa thadzi lachikuda, anawo amaikira mazira apakatikati, oderako kuposa a mayi wawo koma osafika pa a Marans. Mukapitiriza kusakaniza, mtundu umasungunuka ngati shuga m'tiyi. Wofuna kuusunga aziswetsa mazira oderapo okhaokha, ndipo tambala wa mbewu akhale woswedwa m'dzira lakuda kwambiri, chifukwa theka la magazi a khola lonse ndi iyeyo. Vuto la ife oyamba ndi mazira ochepa a khola limodzi ndi chibale. Mlongo ndi mlongo wake akamakwerana mibadwo ingapo, anapiye amayamba kufooka ndipo mazira ambiri saswa. Pezani mnzanu woweta wosinthana naye atambala.

Nanga ndalama zake? Apa ndiye pomwe ambiri amadzuka pamkeka. Pamsika wa pa boma dzira ndi dzira. Wachiwaya amagula pa thireyi, ndipo sangawonjezere ngakhale tambala imodzi chifukwa cha mtundu wa chigoba chomwe akukataya. Nkhuku yofiira ya mazira imaikira pafupifupi 300 pachaka, Marans theka lake kapena kuposerapo pang'ono, koma ikudya zambiri. Mkati mwa dzira mulibe kusiyana kulikonse, kaya pa thanzi kaya pa kukoma, ngati nkhukuzo zadya zofanana. Amene amati dzira lakuda ndi mankhwala akungofuna kugulitsa. Tsiku lina ndinapatsa apongozi anga mazira anayi ngati mphatso. Anawayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa mwana wawo chapansipansi ngati nkhuku zake zili bwinobwino. Ndinamva pambuyo pake kuti anawapatsa adzukulu, iwo sanalawe.

Ogula alipo, koma ndi ochepa: maloji angapo a m'mbali mwa nyanja omwe amakonda kuika mazira amitundumitundu m'dengu kuti alendo ajambule, ndi anthu ofuna mbewu. Ndalama yeniyeni ili pa mazira oswetsa ndi misoti, ndipo imabwera mukakhala ndi mbiri yoti simunamiza anthu. Ngati cholinga chanu ndi fizi ya ana, gulani zofiira kapena Mikolongwe. Ngati simunawetepo nkhuku n'komwe, yambani ndi zachikuda ndi Mikolongwe zingapo, mudutse nazo Okutobala mmodzi ndi nyengo imodzi ya chitopa. Zikapulumuka m'manja mwanu, mudzakhalanso mwapeza thadzi lofungatira, ndiye mukasake mazira akuda aja.

Pokagula, pitani nokha, m'mawa, nthawi yomwe nkhuku zimaikira. Musakhutire ndi chithunzi, poti foni imadetsa chilichonse, ndipo dzira lonyowa kapena lopakidwa mafuta ophikira limaoneka lakuda kuposa mmene lilili. Tengani dzira la m'golosale m'thumba, mukaliike pambali pa lakelo, panja, padzuwa. Funsani kuti thadzilo linayamba liti kuikira. Dzira lodera la msoti wongoyamba kumene silinena zambiri. Lodera la thadzi lomwe laikira miyezi isanu ndiye mbewu. Mwini khola akakana kuti mufike pomwe pali nkhuku poopa matenda, musakwiye, ameneyo akudziwa ntchito yake. Muimirire kunja kwa waya, akutengereni dzira likadali lofunda.

Pawindo la khitchini yathu pali zigoba zomwe ndimasunga, chimodzi mwezi uliwonse, cholembedwa deti ndi pensulo, zonse za thadzi limodzi. Cha mu Meyi ndi nthanga ya bwemba yeniyeni. Cha mu Ogasiti chafika pa njerwa. Cha sabata yatha mayi a kunyumba anachiika dala pafupi ndi dzira la Mikolongwe, n'kundiitana kuti ndiloze la Marans ndi liti. Ndinaloza, koma nditavala kaye magalasi.

M'khola laling'ono muli misoti inayi, ana a tambala wa Marans ndi kameta uja. Iwiri yatengera khosi la mayi wawo, ndipo masana anzawo akamawefuka iyo imangoyendayenda, kutola ziwala. Nkhope zayamba kufiira, dzulo ndinaona umodzi ukulowa m'chisa n'kutulukamo, kulowanso. Ndaikamo udzu watsopano.